Kodi ndipitirize kupopera sipiriti m'galimoto pofuna kupha tizilombo?

Funso: Ndimayendetsa Sienta ya hayala pakati pa Zomba ndi Liwonde, ndipo masiku ambiri ndimanyamulako munthu wodwala wopita kuchipatala kapena wochokerako. Chiyambire nthawi ya Covid-19 ndinazolowera kuti madzulo ndikaweruka ndimapopera sipiriti wapepo uja m'galimoto monse, pamipando, padashibodi mpaka m'timabowo totulukira mphepo, kenako n'kutseka magalasi kuti agonere. Pano chiwongolero chayamba kumata m'manja, galasi la pa sipidomita lachita mbuu, ndipo mnzanga wina wa pasiteji akuti tsiku lina galimotoyi idzandiphulikira. Kodi n'zoona? Nanga ndikasiya, ndiziyeretsa ndi chiyani? Kunyumba kuli ana aang'ono ndipo sindifuna kuwatengera matenda. Dalaivala wa ku Zomba.

Yankho: Achimwene, mnzanu wa pasitejiyo wakokomeza pang'ono, koma mumumvere. Galimoto singaphulike yokha chifukwa choti mwapoperamo sipiriti n'kuisiya padzuwa. Koma kapoperedwe kamene mwafotokozaka, kothira ponseponse kenako n'kutseka magalasi, n'kamene anthu amapsa nako manja ndi nkhope, ndipo n'komwenso kakuwonongerani chiwongolero ndi galasi la sipidomita. Chondidandaulitsa kwambiri n'chakuti mukudziika pangozi yonseyi pomwe matenda amene mungatengere anawo sakuphedwa ndi sipiritiyo n'komwe. Ndagwira ntchito yoteteza matenda m'zipatala kwa zaka zambiri, ndipo mbali ina ya ntchitoyo inali kuonetsetsa kuti ambulansi yayeretsedwa ikatsitsa wodwala. Sipiriti tinkamugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, koma wothira pakansalu n'kupukutira malo ochepa olimba, zitseko zili pululu. Wopopera m'mwamba ayi.

Tiyambire pa botolo lanulo, chifukwa dzina loti sipiriti limabisa zinthu zitatu zosiyana. Pali ethanol, yemwe ndi mowa weniweni uja umaledzeretsa, ndipo kuno kwathu amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa kuchokera ku zotsalira popanga shuga. Pali isopropyl, amene mungamupeze ku famase kapena kwa anyamata okonza mafoni. Awiriwa ndi amene timaphera tizilombo. Wachitatu ndi methanol, ndipo ameneyu ndi poizoni. Sipiriti wapepo amene mukugulayo ndi ethanol wothiridwa dala mankhwala ena kuti anthu asamamwe, ndipo nthawi zambiri mwa mankhwalawo mumakhala methanol. Mtundu wapepowo ndi utoto wochenjeza chabe, sanauikemo kuti uphe tizilombo, ndipo pamipando yowala umasiya mawanga. Methanol wokwana masupuni awiri a tiyi akhoza kuwononga maso mpaka munthu osaonanso akamumwa, komanso amalowa m'thupi popuma ndi kudzera pakhungu. Wa m'botolo lanulo ndi wochepa, sangakugwetseni ndi kupopera kamodzi. Koma taganizani: mwapopera madzulo, mwatseka, m'mawa mwalowa n'kuyamba kupuma mpweya umene wagoneramo. Madalaivala ena amagonanso m'galimoto momwemo podikira ulendo wa m'bandakucha. Ngati mumamva litsipa, maso kuyabwa kapena kukhosi kukanda pa ulendo woyamba wa m'mawa, musafufuze patali.

Anthu ambiri amaganiza kuti sipiriti wosasungunula ndiye wakupha kwambiri. Si choncho. Amene amagwira bwino ntchito ndi wa 70 peresenti, kutanthauza magawo 7 a sipiriti ndi magawo atatu a madzi. Madziwo amathandiza sipiriti kulowa mkati mwa kachilombo n'kuphwanya mapuloteni ake, komanso amachedwetsa kuuma. Kachilombo sikafa pongokhudzidwa. Pamalopo payenera kukhala ponyowa kwa masekondi 30 mpaka mphindi yathunthu. Sipiriti wa 96 peresenti mukamuthira padashibodi yotentha amauma musanaphethire kawiri, ntchito asanaigwire. Choncho ngati pabotolo palembedwa 95 kapena 96, sakanizani makapu atatu a sipiriti ndi kapu imodzi ya madzi owiritsa atazirala, ndipo mupeza pafupifupi 72 peresenti. Akatsika pansi pa 60 mphamvu imayamba kuchepa, akafika pansi pa 50 ndiye kuti mukungonyowetsa galimoto. N'chifukwa chake mowa wa m'mabotolo wa 40 peresenti suthandiza, ndipo kachasu, ngakhale mutu weniweniwo, palibe amene angakuuzeni mphamvu yake. Sanitaiza wa m'manja nayenso si wopukutira galimoto. Muli glycerine woti khungu lisaume, ndipo ameneyo akatsalira pachiwongolero amamata, amaterera mukatuluka thukuta, fumbi n'kumakakamirapo.

Tsopano za moto, pomwe pagona nkhawa ya mnzanuyo. Pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Choyamba ndi kutentha kumene chinthu chimayaka chokha popanda wochiyatsa. Kwa ethanol ndi madigiri oposa 360, kwa isopropyl pafupifupi 400. Galimoto yoimikidwa padzuwa la mu Okutobala ku Liwonde kapena ku Nsanje, magalasi ali otseka, mkati mwake mumafika madigiri 60 kapena 70, dashibodi n'kupitirirapo. Kumeneko ndi kutentha kokwanira kupha mwana wosiyidwa mkati, koma n'kutali kwambiri ndi 360. Ndiye mauthenga aja ankazungulira pa WhatsApp mu 2020, oti botolo la sanitaiza limayaka lokha m'galimoto, analibe maziko.

Chachiwiri ndicho chikukhudza inu: kutentha kumene sipiriti amayamba kutulutsa nthunzi yokwanira kugwira moto pakapezeka koyatsa. Kwa ethanol wosasungunula ndi madigiri 13 okha, kwa isopropyl ndi 12. Ngakhale wosungunula uja wa 70 peresenti amagwira moto pa madigiri pafupifupi 20. Kutanthauza kuti, kupatula m'mawa wozizira kwambiri wa mu Juni ndi Julayi, tsiku lililonse la chaka sipiriti wanu wapepoyo amakhala wokonzeka kuyaka.

Chimene chimayaka si madziwo koma nthunzi yake ikasakanikirana ndi mpweya. Nthunzi ya ethanol ikafika magawo atatu ndi pang'ono pa magawo 100 alionse a mpweya, mpweyawo umayaka. Ya isopropyl imangofunika magawo awiri. Mkati mwa galimoto ngati yanuyo muli malo okwana makiyubiki mita atatu kapena anayi. Mukawerengera bwino, sipiriti wokwana kotala ya lita kapena kuposerapo pang'ono, kapu imodzi yaikulu ya tiyi, atauma yense zitseko zili zotseka, akhoza kusandutsa mpweya wonse wa m'galimotomo kukhala woyaka. Mwina simufika pamenepo madzulo aliwonse. Koma sipafunika kuti galimoto yonse idzaze. Nthunzi ya sipiriti ndi yolemera kuposa mpweya, choncho imatsikira pansi n'kuunjikana popondera mapazi, kunsi kwa mipando ndi m'matumba a zitseko. Pamwamba penipeni pa mpando wonyowa kapena pamati yonyowa nthunziyo imakhala yochuluka kale ngakhale mwathira pang'ono. Ndipo nkhungu imene imatuluka m'botolo lopoperalo ndiyo sichedwa kugwira moto kuposa zonse, chifukwa timadontho take tazunguliridwa kale ndi mpweya.

Nanga koyatsako kachokera kuti? Machesi ndi laitala yoyatsira ndudu aliyense amazidziwa. Zimene madalaivala saziganizira ndi mawaya. Magalimoto athu ambiri ndi ochokera ku Japan atayendako kale, ndipo akafika kuno timawaika wailesi ina, masipika kunsi kwa mpando, alamu, magetsi okongoletsa, tchaja ya mafoni a okwera. Mawaya ake ambiri ndi ongopotokola n'kukulunga ndi tepi, ndipo ali pansi pomwe nthunzi ija imasonkhana. Kainjini kamene kamazunguza fani ya mphepo nakonso kamathetheka timoto mkati mwake kakamayenda, ndiye mukayatsa fani mpweya wodzaza sipiriti uli mkati, umakokedwa n'kudutsa pomwepo. Onjezeranipo mbaula ya mayi wootcha chimanga pafupi ndi pomwe mwaimika, kapena wowotcherera zitsulo pagalaja.

Moto wa sipiriti uli ndi khalidwe lina loipa: masana suoneka. Lawi lake ndi labuluu wotuwa, lopanda utsi, ndipo padzuwa limabisala. Ndinaziona ndi maso anga pachipatala china chimene ndinkagwirako ntchito. Dalaivala wathu wina, munthu wakhama ndi waukhondo, atatsitsa wodwala anatenga chigubu cha sipiriti n'kuthira pamati ndi pampando wa kutsogolo mosaumira. Asanatseke chitseko anawerama kuti alumikize waya wa wailesi umene unkavutavuta. Tinangomva wakuwa. Titacheuka sitinaone moto uliwonse, tinangoona munthu akukupiza manja m'mwamba, cheya cha pamikono chikuwauka, ndipo m'mphepete mwa mati mukukhwinyata pang'onopang'ono ngati jumbo yoyandikira mbaula. Mnzathu wina anaponyapo bulangete lonyowa, moto n'kuzima. Galimoto inapulumuka. Iyeyo anakhala milungu ingapo manja ali m'mabandeji, osagwira chiwongolero. Kwa munthu ngati inu amene mumadya za tsiku lomwelo, milungu yotero ndi njala panyumba.

Zoterezi zikachitika, moto waung'ono wa sipiriti umazima ndi bulangete lonyowa, ndi chozimitsira moto cha ufa chija, ngakhalenso ndi madzi ambiri, chifukwa sipiriti amasungunuka m'madzi, mosiyana ndi petulo amene amayandama n'kufalikira. Pamene papsa thiranipo madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, vulani mphete ndi wotchi dzanja lisanatupe, phimbani ndi nsalu yoyera, thamangirani kuchipatala. Dzira, mankhwala otsukira mano ndi mafuta ophikira zisayandikire pabalapo.

Botolo lenilenilo musamalisiye padashibodi. Silingayake lokha, koma likatentha limafufuma, chivindikiro chimayamba kudontha, ndipo sipiriti amathawa n'kutsala madzi, mwakuti pakatha milungu ingapo mumakhala mukupukuta ndi chinthu chopanda mphamvu. Poti tili pa nkhani ya moto, ndinene ichi ngakhale simunafunse: chigubu cha petulo chimene madalaivala amasunga kumbuyo mafuta akamasowa n'choopsa kuposa sipiriti kutalitali, makamaka mu Sienta momwe buti ndi mipando ya anthu zili m'chipinda chimodzi.

Za chiwongolero chomata ndi galasi lochita mbuu, wolakwa ndi sipiriti yemweyo. Amasungunula mafuta, utoto ndi vanishi, n'chifukwa chake akalipentala amamukonda. Chiwongolero, kaya ndi chachikopa kaya cha labala wofewa uja, chimakhala ndi kachikuto kopyapyala pamwamba kotchinga thukuta ndi dzuwa. Kupukuta mwa apo ndi apo sikukavulaza, koma kunyowetsa tsiku ndi tsiku kwa zaka, pa galimoto yomwe yapsa kale ndi dzuwa, kumakadya mpaka zamkati zofewa zimayamba kutulukira. Kumata mukukumvako n'kumeneko. Kampani ya Ford inachenjezapo mu 2019, Covid-19 isanabwere n'komwe, kuti sanitaiza wa ethanol, mafuta odzola oteteza kudzuwa ndi mankhwala odzola othamangitsa udzudzu zikukalambitsa msanga zinthu za mkati mwa magalimoto.

Galasi la pa sipidomita si galasi lenileni. Ndi pulasitiki yoonekera mkati ya mtundu wa acrylic kapena polycarbonate, ndipo imeneyi imadana ndi sipiriti kuposa china chilichonse m'galimoto. Imachita timing'alu tambirimbiri tosaoneka bwino ndi maso, ndipo kuwala kukagundapo pamaoneka ngati chifunga. Ngati kuwonongekako kuli pamwamba pokha, polishi wa magetsi a kutsogolo angachepetseko. Ngati timing'alu talowa mkati palibe mankhwala, n'kusintha basi, ndipo kwa ogulitsa zipangizo za magalimoto ophwasula mungalipeze. Musachedwe nazo, chifukwa usiku muyenera kumaona liwiro lanu ndi timagetsi tochenjeza za injini.

Sikirini ya wailesi ili ndi kachikuto koletsa kunyezimira, ndipo sipiriti amakasenda m'zigambazigamba. Ena amati poti Apple inalola mu 2020 kupukuta iPhone ndi isopropyl wa 70 peresenti, ndiye kuti sikirini iliyonse ingapirire. Foni ili ndi galasi lenileni lolimba, pomwe masikirini ambiri a m'magalimoto akale ndi apulasitiki. Kansalu kofewa konyowa pang'ono ndi madzi n'kokwanira. Zilembo za pamabatani zimafufutika, chikopa chimauma n'kusweka, ndipo mipando ya nsalu imangomwa sipiritiyo n'kumusunga m'siponji, momwe sapha tizilombo mokwanira koma amapitiriza kutulutsa nthunzi usiku wonse. Pa lamba wa pampando ndikupempheni mwapadera: sopo wofatsa ndi madzi basi, n'kumusiya aume ali chotambasula. Jik ndi mankhwala ena amphamvu amafooketsa ulusi wake mosaonekera, ndipo lamba wofooka amadziwika tsiku la ngozi.

Tifike pa chimene chinakuyambitsani zonsezi, kuteteza ana kunyumba. Mu Epulo 2020, pomwe Covid-19 inapezeka koyamba m'dziko muno, tonse tinkapukuta chilichonse, mpaka ndalama ndi mapaketi a shuga, chifukwa matendawo anali achilendo. Patatha chaka, mu Epulo 2021, bungwe loona za matenda la ku America la CDC linanena kuti chiopsezo chotenga Covid-19 pogwira pamalo pomwe pali kachilomboko sichifika kamodzi pa maulendo 10,000. Njira yake yaikulu ndi mpweya. N'chimodzimodzinso TB, chikuku ndi chimfine. TB simungaitenge pampando kapena pachitseko. Mumaitenga popuma mpweya umene wodwala wakhosomoleramo. Kachilombo ka chikuku kamatha kukhala mumpweya wa m'chipinda mpaka maola awiri wodwala atachoka. Ndiye taonani mmene ulendo wanu umakhalira: pafupifupi ola lathunthu kukafika ku Liwonde, anthu mwathithikana, magalasi otseka chifukwa cha fumbi kapena mvula, wina akukhosomola kumbuyo kwa khutu lanu. Ngati pali pomwe mungatengere matenda ndi pamenepo, ndipo sipiriti wa madzulo amakhala wachedwa kale.

Tsegulani magalasi, osachepera awiri, limodzi kutsogolo lina kumbuyo mbali inayo, kuti mphepo izilowera kwina n'kutulukira kwina. Akatswiri a pa Brown University ku America atafufuza kayendedwe ka mphepo m'galimoto anapeza kuti kutsegula magalasi onse ndiye kopambana, ndipo kutseka onse n'kudalira AC, makina oziziritsa mpweya aja, ndiye koipitsitsa. Mukayatsa AC, zimitsani batani lokhala ndi chithunzi cha galimoto ndi muvi wokhota mkati mwake, chifukwa limenelo limangozunguza mpweya womwewo. Wodwala amene akukhosomola mukhazikeni kumbuyo pafupi ndi galasi lotsegula. Muzisunga masiki angapo oti mumupatse mwaulemu, inunso n'kuvala yanu. Mukatsitsa anthu, siyani zitseko zotsegula kwa mphindi zingapo musanakweze ena. Zimenezi zokha zikutetezani kuposa malita onse a sipiriti amene mwapopera chiyambire 2020. Ndipo poti mumanyamula odwala pafupipafupi, mukayamba chifuwa chopitirira milungu iwiri, kutuluka thukuta usiku kapena kuwonda, kayezetseni TB. M'zipatala za boma n'zaulere.

Pali matenda ena amene amayendadi ndi zogwiragwira, ndipo apa m'pofunika mukhale okonzeka: masanzi, chimbudzi cha wotsegula m'mimba, magazi a wovulala kapena a mayi woyembekezera amene matenda amuyambira panjira. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unayambira ku Machinga, dera lomwe mumayendalo, unapha anthu oposa 1,700. Kachilombo ka hepatitis B, matenda a chiwindi, kamakhala ndi moyo m'magazi ouma kwa sabata yathunthu kapena kuposerapo. Pa zoterezi sipiriti ndi wofooka. Akakumana ndi magazi kapena masanzi amaumitsa pamwamba pokha n'kusiya tizilombo tili bwinobwino kunsi, ndipo pali tizilombo tina ta m'mimba, monga norovirus, tosafa msanga ndi sipiriti.

Chofunika ndi magolovesi, sopo ndi klorini. Valani magolovesi, olani zonyansazo ndi mapepala kapena sanza zoti mukataye m'chimbudzi chokumba, tsukani ndi sopo ndi madzi, kenako thirani klorini. Ngati pabotolo la Jik palembedwa 3.5 peresenti, kapu imodzi ya Jik ndi makapu 6 a madzi zimapereka 0.5 peresenti, woyenera pomwe panagwera magazi kapena masanzi. Pa malo ena onse olimba mukanyamula wa kolera, kapu imodzi ku makapu 16 ndi yokwana. Dikirani mphindi 10, kenako tsukuluzani ndi madzi, chifukwa klorini amachititsa dzimbiri ndipo amasukulutsa nsalu. Vuto lake ndi lomwelo, kuti pamipando ya nsalu simungathire Jik. N'chifukwa chake aliyense wonyamula odwala ndimamulangiza kuti akasoketse makava a rekizini osalowa madzi, aike mamati a labala ochotseka, ndipo kumbuyo kuzikhala pepala lalikulu la pulasitiki, kandowa ka chivindikiro ndi magolovesi. Zikatero zonyansa zimathera pa chinthu chimene mungachitulutse panja, kuchitsuka ndi kuchiyanika. Chimodzi musadzayese ngakhale tsiku limodzi: kusakaniza Jik ndi sipiriti, kaya m'botolo kaya pamalo amodzi pasanaume. Zimapanga chloroform, mankhwala okomola munthu, ndi mpweya wina wowononga mapapo, ndipo m'galimoto yotseka munthu akhoza kukomoka.

Dzuwa lathu limathandizanso. Mu Meyi 2020 Ford inaika m'magalimoto a apolisi ku America pulogalamu yotenthetsa mkati kufika madigiri 56 kwa mphindi 15 pofuna kupha kachilombo ka Covid-19. Ife kutentha kotereku timakupeza kwaulere miyezi yambiri ya chaka. Sikulowa m'malo mwa kutsuka, koma mpando umene mwautsuka ndi sopo muuyanike mpaka uumiretu, chifukwa siponji yonyowa imamera chuku, ndipo chukucho chimautsa chifuwa ndi mphumu kwa inu amene mumakhalamo tsiku lonse.

Ndiye madzulo mukaweruka muzichita chonchi. Imikani pamthunzi kapena dikirani dzuwa lipepe kuti dashibodi izizire. Zimitsani injini, chotsani kiyi, tsegulani zitseko zonse ndi buti. Sesani, kung'unthani mamati. Tengani kandowa ka madzi ofunda, donthezeranimo sopo wotsukira mbale, viikani kansalu kofewa n'kukafinya mpaka kasiye kudontha, pukutani chiwongolero, dashibodi, zitseko ndi makava a mipando, kenako bwerezani ndi kansalu ka madzi okha. Sopo musamuderere. Amasungunula chikuto cha mafuta chimene chimakuta mavairasi a chimfine ndi a Covid-19, ndipo tizilombo totsala timachoka limodzi ndi litsiro. Masiku ambiri ntchito yathera pomwepa. Tsiku limene mwanyamula munthu wodwaladi, thirani sipiriti woyera wa 70 peresenti pakansalu, muli panja pa galimoto, supuni imodzi kapena ziwiri, n'kupukuta malo amene manja ambiri amagwira: zotsegulira zitseko, zogwirira za kudenga, zitsulo zomangira malamba, mutu wa giya ndi handibuleki ngati ndi zapulasitiki yolimba. Chitsulo, galasi lenileni ndi pulasitiki yolimba yosapaka utoto zimapirira bwino. Pamalo pamene mukukayika, yesani kaye pakona yobisika muone ngati utoto ukutsalira pakansalu. Zitseko zikhale zotsegula mphindi 10 kapena 15, mpaka fungo litatheratu, musanalize injini kapena kutseka. Kansaluko kayanikeni panja, musakaponye kunsi kwa mpando kali konyowa.

Mwatsala ndinu mwini. Tsiku lonse mwagwira ndalama, foni, makiyi ndi katundu wa anthu. Mukafika pakhomo, ana asanakuthamangireni, sambani m'manja ndi sopo kwa masekondi osachepera 20, ndipo ngati munamunyamula wodwala pomukweza kapena pomutsitsa, vulani malayawo achapidwe. Chiwongolero chomatacho chitsukeni ndi sopo kangapo. Chikapitiriza kumata kasoketseni kava yachikopa yogwira zolimba, osati zongovalika zija zimaterereka pokhota. Sipiriti wapepo watsalayo musamulowetsenso m'galimoto. Musungeni m'botolo lake lomwelo lolembedwa, lotseka bwino, pamwamba pomwe ana safikira ndiponso kutali ndi mbaula. Musamutsanulire m'botolo la zakumwa, chifukwa mtundu wake umafanana ndi wa zakumwa zotsekemera zimene ana amazikonda.